Sukulu za Sekondale ku Dedza

Inu makolo, mukadzafika ku Dedza mudzaone sukulu ya sekondale ya Boma imene inatsegulidwa mu 1951 pafupi ndi phiri lija. Anyamata amagona konko, nawerenga usiku ndi magetsi. Koma ana athu ambiri sali kumeneko iai, ali m'masukulu oyendera a kumidzi.

Poyendera minda ya kachewere cha ku Bembeke, ndinakumana ndi asungwana atatu chifunga chisanachoke, atayenda kale mtunda wautali osalawa kanthu. Buku linali limodzi, atatu onsewo. Chikhalirecho mayeso a Fomu 4 ndi amodzi kwa onse.

Tsono mwana akaweruka, musam'tume kukathirira kudimba mpaka mdima. Mpatseni nyali awerenge, ndipo m'mawa atenge mbatata yootcha m'thumba.