Mmisiri wokulunga mota ndi funso la waya wosatentha

M'chigwa cha Shire, kumene minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi minda ina yamthirira imadalira mapampu amagetsi, mmisiri wokulunga mota amalimbana ndi kutentha tsiku ndi tsiku. Mota ikapsa, iye amaimasula nachotsa mawaya amkuwa amene ada bii, onunkha vanishi wopserera, ndipo asanataye kalikonse amawerenga mizere ya koilo iliyonse ndi kuyeza kunenepa kwa waya, popeza waya woonda pang'ono chabe sachedwa kupsanso. Kutenthaku kumabwera chifukwa maelekitironi, tinthu timene timanyamula magetsi, amawombana ndi maatomu amkuwa amene amakhala akunjenjemera. Kuwombanaku kumakana magetsi, ndipo kukana kumeneku kumakwera ndi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse, kotero kuti mota yogwira ntchito ku Ngabu mu Okutobala, dzuwa likapitirira madigiri 40, imavutika koposa inzake ya ku Dedza.

Mmisiri wodziwa zimenezi sangamve mopepuka nkhani ya cuprate, chomwe ndi chosakaniza cha mkuwa womwewo, okosijeni ndi zitsulo zina, chouma ndi chosweka ngati mbiya. Mu 1986 Georg Bednorz ndi Alex Müller anapeza ku Zürich kuti chosakanizachi chikazizira kufika pafupifupi madigiri 238 pansi pa ziro, magetsi amadutsamo osakanidwa ngakhale pang'ono, ndipo mu 1987 kunapezeka mtundu wina wokhala ndi yttrium umene umachita zomwezo pa madigiri 180 pansi pa ziro, kuzizira kumene nayitrojeni wamadzi, yemwe ndi wotsika mtengo, amakukwanitsa. Chinsinsi chake n'chakuti maelekitironi amayenda awiriawiri, koma pa za chimene chimawagwirizanitsa, akatswiri akutsutsanabe mpaka lero.

Pofuna kuthetsa mtsutsowu, ofufuza amawalitsa laser pa cuprate kawiri, ulendo uliwonse kwa kanthawi koyezedwa m'mafemtosecond; femtosecond imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000,000 a sekondi. Kuwala koyamba kumalekanitsa maelekitironi oyenda awiriawiri aja, ndipo olekanitsidwawo amatchedwa quasiparticle, kutanthauza elekitironi pamodzi ndi chipwirikiti chonse chimene imayambitsa pakati pa zinzake. Kuwala kwachiwiri kumatsatira pambuyo pake n'kuyeza momwe tinthuti tikubwererana, zomwe zimachitika m'magawo ochepa a triliyoni a sekondi. Liwiro la kubwereranaku ndilo lofunika kwambiri, chifukwa limasonyeza kumene mphamvu yapita, kaya ku kunjenjemera kwa maatomu kapena ku kugwedezeka kwa umaginito wa maelekitironi eniakewo, ndipo chimene chimalanda mphamvu msanga chikhoza kukhala chomwecho chimene chimawagwirizanitsa.

Kafukufukuyu ayenera kupitirira, ngakhale phindu lake lili kutali ndi benchi la mmisiri, pakuti cuprate yopambana zonse pa kupanikizika kwa mpweya kwamasiku onse, yokhala ndi mercury imene inapezeka mu 1993, imafunabe kuzizira kwa madigiri 140 pansi pa ziro.