Tepi Yanga ndi Nkhani Yopopa Mafuta

Munthu akabwera kudzasoketsa ndimamuyeza mapewa, chifuwa, kunsi kwa mabere, chiuno, mahipi, kunenepa kwa mkono, kutalika kwa msana, ndi pamene akufuna kuti chovala chikathere. Zonse ndimalemba m'buku, m'mainchesi, ndi tsiku lake. Za makilogalamu sindifunsa, chifukwa nambala imeneyo sindingadulire nsalu. Amayi awiri angalemere chimodzimodzi pa sikelo, koma wina chitenje cha mamita awiri n'kumutulutsira siketi ndi duku lomwe, wina osamukwanira n'komwe. Tepi ndi sikelo zimanena zinthu ziwiri zosiyana, ndipo masiku ano pali anthu amene akulipira ndalama zambiri chifukwa chosokoneza ziwirizi.

Amene anandigwiritsa sizasi koyamba ndi amalume anga. Anachokera ku Katete kudzalowa ntchito m'fakitale ina ya zovala, nthawi imene Livingstone inali ndi mafakitale osoka ambiri. Mafakitalewo atatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, salaula itadzaza m'misika, anaika makina awo a Singer pakhonde kuno ku Linda n'kumachepetsa kapena kukulitsa zovala za m'mabelo. Makina opondera amenewo ndikadali nawo, ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, ndi amene anandidyetsa. Lamulo la amalume linali lakuti pa msoko uliwonse wa m'mbali uzisiya inchesi imodzi mkati, chifukwa thupi la munthu siliima malo amodzi.

Zaka zimene ndinkaphunzira zinali zaka za maliro. Tawuni ya m'malire ngati ino, yodutsa malole ndi alendo, Edzi inaigwira koopsa, ndipo ntchito yathu yaikulu inali yobweza zovala mkati. Bambo ankabweretsa buluku lake kuti tichotse mainchesi awiri, mwezi wotsatira enanso awiri, mpaka matumba akumbuyo kukumana pakati. Kenako osabweranso. N'chifukwa chake akazi a msinkhu wanga sitifulumira kuyamikira munthu amene watsika thupi. Timayamba tafunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ma ARV atayamba kuperekedwa ulere cha m'ma 2005, inchesi ya amalume ija tinayamba kuitulutsa, ndipo tinkaitulutsa mokondwa.

Lero buku langa likunena zina. Ziuno zikukula chaka ndi chaka, ngakhale za atsikana osabereka. Tchipisi, zakumwa zotsekemera, buledi wam'mawa ndi wamadzulo, takisi paulendo umene kale tinkayenda pansi kuchoka ku Linda kupita ku msika wa Maramba. Komanso aliyense amabwera ndi foni m'manja, kundionetsa chithunzi cha pa Instagram kapena TikTok: "Anti, ndikufuna kuoneka chonchi." Anayamba ndi tiyi wotsegula m'mimba, anabwera pa malamba omanga chiuno, tsopano mawu amene ndikumva kawirikawiri ndi akuti lipo, kutanthauza liposuction, opaleshoni yopopa mafuta. Ena amafunsira ku zipatala zolipira za ku Lusaka, ena ku Johannesburg, a ndalama zawo mpaka ku Istanbul kapena ku India.

Mayi wina wabizinesi, wodziwika bwino pa zoodetsa katundu kudzera pa Kazungula, anabwera ndi nsalu yodula ya mayadi sikisi, yokavala pa kitchen party ya mwana wake. Nditatenga tepi anandigwira dzanja.

"Musavutike kuyeza, amai. Mungodula saizi 14. Mwezi wamawa ndikupita kukachita lipo, ndikachotse makilo 25."

"Amai, fodya ndi uyu ali pamphuno," ndinatero. "Ine ndimadulira thupi limene laima patsogolo panga. Dokotala wakuuzani yekha kuti achotsa 25?"

Anati dokotala sanatchule nambala, koma mtsikana amene amayankha pa WhatsApp anati adzasintha kwambiri. Ndinawayeza, ndinalemba, ndipo nsalu ndinaisunga osaidula. Atabwerako, patapita miyezi itatu, m'chiuno munali mutachoka mainchesi anayi ndipo mimba inali itaphwa bwino ndithu. Chifuwa, mapewa, mikono ndi mahipi zinali pomwe zinali. Pa sikelo anatsika makilogalamu osakwana asanu. Diresi ndinalidula saizi 20, lolowa bwino m'chiuno, ndipo anatchena. Koma 14 ija kunalibe.

Mwana wanga wamkazi ndi namwino, ndipo ndi amene anandifotokozera mmene ntchitoyi imachitikira, popeza ndinkamuvutitsa ndi mafunso. Dokotala amaboola timabowo ting'onoting'ono pakhungu, n'kuthiramo madzi amchere osakaniza ndi mankhwala ochititsa dzanzi ndi ena ochepetsa kutaya magazi. Kenako amalowetsa kachubu kachitsulo kowonda, n'kumakayendetsa uku ndi uku pansi pa khungu, makina akukoka mafuta kupita m'botolo. Amene anatchukitsa njira ya kachubu kosasongoka ndi dokotala wa ku Paris, Yves-Gérard Illouz, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo njira yoyamba yathira madzi ambiri ija anaifalitsa Jeffrey Klein wa ku California mu 1987. Cholinga cha ntchitoyi chiyambire n'kukonza maonekedwe a malo amodzi, mafuta ouma mutu a pamimba, m'nthiti kapena m'ntchafu amene sachoka ngakhale munthu adye mosamala.

Masamu ake ngosavuta, ngakhale telala awatha. Bungwe la madokotala a ntchitoyi ku America, American Society of Plastic Surgeons, limati zopopedwa zikapitirira malita 5 pa opaleshoni imodzi, imeneyo ndi opaleshoni yaikulu, ndipo munthu ayenera kugonekedwa kuti amuyang'anire usiku wonse. M'malita asanuwo muli ndi madzi aja anathiridwa, si mafuta okhaokha. Mafutanso ndi opepuka kuposa madzi: lita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 900. Ndiye kuti ngakhale botolo lidzaze mafuta enieni, mwachotsa makilogalamu anayi ndi theka. Kwa mayi wa makilogalamu 110, zimenezo sikelo ya pa kiliniki siichita nazo chidwi. Bungwe lomwelo limati woyenera opaleshoniyi ndi amene sanapitirire kwambiri kulemera koyenera msinkhu wake, wa khungu lolimba, wosasuta. Kunena kwina, amene imamuthandiza kwambiri ndi amene alibe zambiri zoti achotse.

Ine ndimaiona ngati dati. Diresi likamasuka kumsana, ndimatsina nsalu pang'ono, n'kusoka dati, chovala n'kugwira thupi bwino. Koma munthu sangandibweretsere diresi la saizi 22 kuti ndilisandutse 12 ndi madati okha. Likhala mapindepinde, ndipo mapewa ndi makhwapa zikhalabe za 22.

Mbali imene ndimaiona pafupi kwambiri ndi ya masabata oyamba, chifukwa amene achita opaleshoniyi amavala chovala chothina chalasitiki usana ndi usiku kwa mwezi kapena kuposerapo, kuti kutupa kutsike ndi khungu ligwirane ndi mnofu. Zovala zimenezi amagula konko, koma thupi likayamba kuphwa zimamasuka, ndiye amabwera nazo kwa ine. Ndi ntchito yosafuna phuma. Nsalu yake imatamuka mbali zonse, choncho msoko wowongoka umaduka ukangokoka. Pamafunika zigizagi yaing'ono ndi singano ya nsonga yobulungira, yosadula ulusi wa lasitiki. Msoko ndimautembenuzira kunja, chifukwa ukakhala mkati umadinda mzere pakhungu lotupa, ndipo mzerewo ukhoza kukhalitsa. Ngowe ndimaika mizere itatu kuti azithinitsa yekha pang'onopang'ono. Ndimachotsa mofanana mbali zonse ziwiri, theka la inchesi uku, theka uku, apo ayi chimakanikiza mbali imodzi. Ndipo sindichepetsa kuposa mmene dokotala wake wanenera. Chothinitsitsa chimapinda khungu ndi kutsekereza magazi.

Pomuyeza munthu wotero ndimaona zimene zithunzi za pafoni sizionetsa. Mimba ndi nthiti zili bii ndi mikwingwirima, malo ena olimba ngati muli timiyala, malo ena sakumva n'komwe kuti tepi yamukhudza. Sabata yoyamba chiuno chimatha kukhala chachikulu kuposa chimene ndinalemba asanapite. Kuwerama kuti avale nsapato ndi nkhondo. Tsono muganize kutentha kwa Livingstone mu October, munthu atamangidwa m'lasitiki kuchokera kunsi kwa mabere mpaka m'maondo. Amene khungu lawo linatamuka kale ndi mimba zingapo amapeza vuto linanso: mafuta achoka, khungu latsala lili lende, ndipo kulichotsa ndi opaleshoni ina, ya chipsera chachitali ndi mtengo wakewake.

Funso limene limandikhudza kwambiri ndi la amayi a shuga ndi BP, amene amaganiza kuti mafuta akapopedwa matenda achepa. Mafuta oopsa pa matendawa ndi a mkati mwa mimba, okuta matumbo ndi chiwindi, ndipo kachubu kaja sikafika kumeneko. Kakafikako ndiye kuti ngozi yachitika. Mu 2004 Samuel Klein ndi anzake a ku Washington University, mumzinda wa St. Louis, anafalitsa kafukufuku mu New England Journal of Medicine. Anatenga amayi 15 onenepa kwambiri, ena mwa iwo a shuga, n'kuwapopa mafuta pafupifupi makilogalamu 10 aliyense, kuposa mmene zimachitikira masiku onse. Patapita masabata 10 mpaka 12 anawayezanso. Shuga, BP, mafuta a m'magazi, mmene thupi limamvera insulini, zonse zinali chimodzimodzi. Ziuno zinachepa, matenda anatsala.

Palinso kafukufuku wa mu 2011 wa ku University of Colorado, wa Teri Hernandez ndi Robert Eckel, pa amayi osanenepa kwambiri amene anapopedwa m'ntchafu, m'mahipi ndi kunsi kwa mimba. Chaka chitatha mafuta a thupi lonse anali atabwerera pamene anali, kungoti anakaunjikana kwina, makamaka pamimba. Mwana wanga atandiwerengera zimenezi sindinadabwe, chifukwa buku langa linali litandiuza kale. Kasitomala amene sanasinthe kadyedwe, pakatha chaka chiuno chimakhala chidakali bwinoko, koma bulauzi yayamba kuthina m'mikono, zipi ikukana pakati pa msana, kunsi kwa mabere kwatuluka mpukutu umene kale kunalibe. Thupi lotero ndi lovuta kulisokera kuposa loyamba lija, chifukwa silitsatanso patani iliyonse.

Ndiye pali imfa. Mu October 2005 Stella Obasanjo, mkazi wa pulezidenti wa Nigeria, anamwalira ku Spain atachitidwa opaleshoni yomweyi, kutatsala milungu yochepa kuti akwanitse zaka 60. Mu 2009 khoti la ku Málaga linapeza dokotala wake wolakwa chifukwa chosasamala. Ameneyo anali mkazi wa pulezidenti, ku Ulaya, ndalama zosasowa. Kachubu kakhoza kuboola matumbo, mafuta akhoza kulowa m'mitsempha n'kukatseka m'mapapo, mankhwala a dzanzi akhoza kuchuluka m'magazi, ndipo ngozi zimakula mafuta opopedwa akamachuluka. Kwa ife a kuno pali chinanso: ulendo. Kuchoka ku Lusaka kufika kuno ndi makilomita oposa 450, ndipo kukhala m'basi maola ambiri miyendo ili yopinda, utangochitidwa opaleshoni, n'kuitana kuundana kwa magazi m'miyendo. Bala likayamba mafinya uli ku Linda, dokotala amene anakucheka ali ku Istanbul, okuthamangira ndi a chipatala chathu chachikulu, amene sanaone n'komwe zimene zinachitika.

Sindikunyoza amene anachita. Ndasokera amayi ochepa thupi amene anali ndi mafuta a m'mbali mwa ntchafu chibadwire, oti siketi iliyonse inkawakwera, ndipo atapopedwa anamasuka mumtima. Thupi ndi lawo, ndalama ndi zawo, ndipo iwo anadziwa chimene akugula. Amene amandikwiyitsa ndi otsatsa malonda amene amalola munthu wa makilogalamu 110 kukhulupirira kuti adzadzuka pa tebulo ali ndi 85.

Amene ndawaona akutsika thupi lonse, mapewa mpaka mikono, anadzera njira zina. Ambiri ndi ochepetsa mitanda ya nsima n'kuchulukitsa ndiwo zamasamba, osiya zakumwa za shuga, oyenda m'mamawa mu Mosi-oa-Tunya Road dzuwa lisanakwiye. Zimatenga chaka, ndipo chovala chomwecho amachibweretsa kangapo kuti ndichibweze. Kwa onenepa mofika podwala kuli opaleshoni ina, yochepetsa chifu chenicheni, imene imatsitsa munthu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake ndipo imathandizadi shuga, koma ndi yaikulu ndipo imafuna kuyang'aniridwa moyo wonse. Kuli jakisoni wa semaglutide, wogulitsidwa ndi mayina a Ozempic ndi Wegovy, amene pa kafukufuku wa masabata 68 anatsitsa anthu pafupifupi 15 peresenti. Ndi wodula, munthu akasiya thupi limabwerera, ndipo wabodza wafala, choncho si wogula pa Facebook.

Tepi yanga yomweyi ili ndi uthenga wa zaumoyo umene ndimapereka ulere. Bungwe la World Health Organization limati chiuno cha mkazi chikapitirira masentimita 88, amene ndi pafupifupi mainchesi 35, kapena cha mwamuna chikapitirira 102, mainchesi 40, chiopsezo cha shuga ndi matenda a mtima chakwera kwambiri. Ndikalemba nambala yoposa pamenepo ndimanena motsitsa mawu, ena asamve: "Amai, mukapeza mpata mukayezetse shuga ndi BP ku kiliniki." Ena amakwiya, ambiri amapita.

Inu amene mwatsimikiza mtima kuti mukapopedwe, funsani dokotala mwiniwake, osati woyankha mafoni, kuti achotsa malita angati ndipo pa sikelo mutsika makilogalamu angati. Ngati ndi wa m'dziko muno, fufuzani dzina lake ku Health Professions Council of Zambia. Funsaninso amene adzakuoneni zikavuta mutabwerera kuno. Ndipo nsalu yanu yodula musabwere nayo isanathe miyezi itatu chichitikireni opaleshoni, chifukwa thupi lotupa ine sindilidulira.