Tinasankha yolema

Tonse awili tinakulila kum'mawa, wina ku Katete, wina ku Petauke, ndipo mfuti imene tinali kuidziwa tili ana inali gogodela. Inali kukhala kutsindwi kwa nyumba ya ambuye, yokulungidwa m'saka, n'kumatsika cabe ngati nguluwe zavuta kumunda. Titabwela ku Lusaka, mfuti inakhala ya apolisi pa msewu, ya alonda a pa banki, kapena ya akawalala amene timamva pa wailesi. Conco sitinalotepo kuti tsiku lina tidzakhala pa tebulo usiku, ana atagona, n'kumakangana za pisitolo imene tigule.

Zinayamba na mnzathu wa kunchito amene anatiitana pa Ciwelu cina ku kilabu yowombela candamale kunja kwa tauni. Tinapita cifukwa ca ulemu cabe. Tisanagwile ciliconse, mdala woyang'anila bwalo anatikhazika pansi n'kutiphunzitsa malamulo anayi. Mfuti iliyonse uziitenga kuti ili na zipolopolo. Usailozetse ku cinthu cimene sufuna kuwononga. Cala cisafike pa trigger mpaka utalunjika. Udziwe cimene ukuwombela komanso cimene cili kuseli kwake. Tinabweleza malamulowo monga ana a giledi wanu, ndiye anatipatsa zotseka m'makutu na pisitolo ya .22, pepala lili pa mamita 10. Pa zipolopolo zisanu zoyamba, ziwili cabe zinakhudza pepala. Koma pobwelela m'motoka tinazindikila kuti kwa maola awili palibe amene anaganizako za lendi olo za malaiti. Masewela aya amatenga mutu wonse, kupuma, maso na cala comwe.

Kwa miyezi ingapo tinali kubweleka mfuti za kilabu. Apa m'pamene zinaonekela kuti amai a m'nyumba muno ndiwo amalasa bwino, cinthu cimene atate ake ana anacivomeleza mocedwa. Vuto la zobweleka n'lakuti Ciwelu ciliconse umapatsidwa ina. Iyi trigger yake ni yolimba, iyo imaponyela kumanzele, ndipo ukaphonya sudziwa ngati wolakwa ni iwe kapena mfuti. Tinagwilizana kuti tikhale na yathu imodzi. Ndalama zake zinali zija tinali kusungila mipando yatsopano, conco kusankha molakwa kukanatanthauza kukhala pa sofa yobooka zaka zina ziwili popanda cokondweletsa.

Ku shopu, wogulitsa anayamba watitulutsila za pulasitiki. Anakamba zoona kuti ni zimene anthu ambili amagula masiku ano. Glock 17, imene inatuluka ku Austria kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, imalema pafupifupi magalamu 700 ikakhala ilibe zipolopolo, ndipo sivuta kusamala. Koma kupepuka kumeneko kumathandiza kwambili msilikali kapena wapolisi amene amaisenza m'ciuno tsiku lonse. Ife sitinali kufuna ya m'ciuno. Ulendo wake ni wocoka mu sefu, kulowa m'cola, kufika pa benci la ku kilabu, basi.

Pisitolo yacitsulo imalema pafupifupi kilo imodzi, ndipo kulemako n'kumene kumagwila nchito pa candamale. Cipolopolo cikamacoka, mfuti imakankhidwila m'mbuyo. Mphamvu yokankhayo ni imodzimodzi, koma cinthu colema cimasuntha pang'ono, monga mmene wilibala yodzala mcenga siithawa ukaigunda na bondo pamene yopanda kanthu imagubuduka. Conco kutsogolo kwa mfuti sikudumpha kwambili, ndipo diso limapezanso candamale msanga. Ngakhale kunjenjemela kwa manja kumacepa. Tinayesa zonse ziwili pa bwalo tsiku limodzi, zipolopolo zake zofanana za 9mm, ndipo mabowo a yacitsulo anaunjikana pafupi. Malipilo ake ni akuti mkono umalema msanga, komanso citsulo cimacita dzimbili.

Zitatsala zacitsulo, maina anali atatu. Loyamba linali 1911, imene John Browning anapanga, ndipo asilikali a ku America anaitenga m'caka ca 1911 n'kukhala nayo mpaka 1985. Ku kilabu kunali imodzi, ndipo trigger yake inatikopa. Imayenda molunjika m'mbuyo, kamtunda kocepa, n'kuthyoka mwadzidzidzi ngati kamtengo kouma. Cogwilila cake n'copyapyala cifukwa zipolopolo zake zisanu na ziwili zimakhala mumzele umodzi, conco inakwana bwino m'manja aang'ono a amai. Inagwela pa thumba. Imadya zipolopolo za .45, zimene tinapeza kuti n'zodula ndipo sizipezeka nthawi zonse. Mfuti umagula kamodzi, zipolopolo umagula mwezi na mwezi, ndipo munthu amene amawelenga ndalama pa kuwombela kulikonse sangaphunzile.

Laciwili linali Browning Hi-Power, imene atate ake ana anali kuilakalaka cifukwa ca mbili yake. Browning anamwalila mu 1926 asanaimalize, ndipo Dieudonné Saive wa kampani ya FN ku Herstal, m'dziko la Belgium, ndiye anaitsiliza. Inatuluka mu 1935 ili na magazini ya zipolopolo 13, zimene zinali zambili kwabasi pa nthawiyo. Pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse inagwila nchito mbali zonse ziwili, cifukwa Ajelemani atalanda Belgium anapitiliza kuipanga, pamene ina inali kupangidwa ku Canada. M'manja imakhala bwino kwambili. Koma titaiwombela, hamala yake inatsina kakhungu ka pakati pa cala cacikulu na colozela mpaka magazi. Ilinso na kacitsulo koletsa kuwombela ngati magazini yacotsedwa, ndipo kameneka kamapangitsa trigger kumveka ngati muli mcenga. Cina, FN inaleka kupanga mtundu wakalewo ca m'ma 2018, conco tinafunika kufunafuna yogwilapo kale nchito.

Tinaipeza imodzi kwa wogulitsa wina wa cilolezo, yakuda bwino, mtengo wake wabwino. Mwayi wake tinapita na mdala wa ku kilabu uja. Iye anacotsa magazini, anatsimikiza kuti mulibe cipolopolo, anaiphwasula, n'kuunika mumpaipi na toci ya pa foni. "Bwelani muone, ana anga," anatelo. M'kati munali timaenje tambilimbili ta dzimbili. Mwini wake woyamba anali kuisunga m'cikumba, ndipo cikumba cimasunga cinyezi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele. Tsiku limenelo tinaphunzila kuti mfuti yakale suigula na maso a kunja. Uone mumpaipi, uone ngati pali ming'alu, ufunse ngati masipuling'i na magazini ake akali kupezeka, ndipo upite na munthu wodziwa.

Latsala linali CZ 75. Inapangidwa na abale awili, Josef na František Koucký, n'kutuluka mu 1975 ku fakitale ya ku Uherský Brod, m'dziko limene linali Czechoslovakia. Poti sinatetezedwe na patent kunja kwa dzikolo, makampani ena monga Tanfoglio ya ku Italy anaitengela, ndiye cifukwa cake lelo ili na acibale ambili, ndipo ikali kupangidwa. Slide yake imayenda m'kati mwa frame, pamene pa mapisitolo ambili imayenda kunja. Izi zimacititsa kuti pogwila pokoka slide pakhale pocepa, ndipo masiku oyamba zala zinali kutelela. Vuto lina linali lakuti hamala ikakhala pansi, trigger imakhala patali, ndipo cala ca amai cinali kungoikhudza na nsonga. Tinatsala pang'ono kuisiya. Mdala ndiye anationetsa kuti powombela candamale hamala imayamba ili yokokedwa kale, ndipo zikatelo trigger imabwela pafupi n'kupepuka. Atasinthanso zogwilila n'kuika zopyapyala, dzanja linazungulila bwino. Zipolopolo zake ni 9mm, zimene tinali kuzipeza mosavuta. Tinagwilizana pa iyo.

Koma nkhani yaikulu inali isanathe. Mwezi umenewo apongozi anabwela kucoka ku Petauke, ndipo atamva za mapulani athu anaika kapu ya tiyi pansi. "Ana anga, mwasowa ciyani? Nyama mugula ku buchala. Nanga adzukulu angawa?" Tinayesa kufotokoza za masewela, za malamulo anayi aja, koma mawu athu anamveka opepuka ngakhale kwa ife eni ake. Usiku umenewo tinakangana ndithu. Wina anati amai akukamba za mantha a kumudzi cabe. Wina anati mantha amenewo ali na nzelu, cifukwa mnyamata wathu wa zaka 9 amapeza ciliconse cimene tabisa, kuyambila mabisiketi mpaka limoti. Tinafikanso pa funso limene mabanja safuna kulikamba: nanga tsiku limene mmodzi wa ife adzakwiya kwambili, kapena mtima wake udzalema kwa miyezi?

Zimene tinagwilizana tinazilemba papepala. Sefu yacitsulo, yokhomedwa ku cipupa, inayamba kugulidwa mfuti isanabwele. Mfuti imagona yopanda zipolopolo, ndipo zipolopolo zimakhomeledwa kwina. Siituluka pofuna kuonetsa alendo, siituluka tsiku limene munthu wamwako, ndipo galu akauwa usiku timaitana aneba na apolisi monga kale. Aliyense wa ife ali na mphamvu yokamba kuti icoke m'nyumba n'kukasungidwa kumene lamulo limalola, ndipo winayo sadzatsutsa. Ana tinawauza zoona, kuti m'nyumba muli mfuti, na kuti akaona mfuti kulikonse asaigwile, acokepo, akauze wamkulu.

Kenako panali laisensi. Muno mu Zambia, lamulo la Firearms Act, Chapter 110, sililola munthu kukhala na mfuti popanda cilolezo, ndipo njila yake imapitila ku polisi. Panali mafomu, mafunso na kuyembekeza. Sitinadandaule, cifukwa nthawi imeneyo inatipatsa mpata wosintha maganizo tikanafuna. Laisensi inatuluka pa dzina la amai, ndipo makiyi amasunga iwo. Atate ake ana akali kubweleka .22 ya kilabu, akuti ndiyo imawamvela.

Tsopano tapyola nayo nyengo imodzi ya mvula. Kuyambila Novemba mpaka Epulo, citsulo cimafuna diso. Thukuta la m'manja likatsalapo, pakangopita masiku ocepa umapeza kadontho kofiila. Conco tikabwela ku kilabu, nyuzipepala imayalidwa pa tebulo ana ali kwa anzawo, mfuti imaphwasulidwa, kupukutidwa, n'kudzozedwa mafuta pang'ono isanabwelele mu sefu. Kwa ena imeneyi ni nchito yotopetsa. Kwa ife imakumbutsa mmene ambuye anali kupukutila gogodela yawo pa khonde, mwakacetecete, popanda mwana woyandikila.

Amai afika powombela pa mamita 25, ndipo tsiku labwino mabowo khumi amakwana pa malo aakulu ngati mbale ya ndiwo. Sofa ikali yobooka, tinaiphimba na citenge. Apongozi atabwelanso, anapempha kuona sefu. Anaigwedeza na manja awili, sinasunthe. Anayang'ana pepala la candamale limene tinawaonetsa, n'kufunsa kuti walasa ndani. Titawauza kuti ni mwana wawo wamkazi, anakhala cete pang'ono, ndiye anati, "Atate ako anali kuphonya nguluwe ili pafupi." Pepalalo anapita nalo ku Petauke.