Kuchokera ku Doko la Durban Kukafika Kumadzi Oundana

Padoko la Durban pamatentha ngati ku Nsanje m'mwezi wa Januwale. Sitima zonyamula shuga, magalimoto ndi makontena zimalowa ndi kutuluka usana ndi usiku, kudutsa m'munsi mwa chitunda cha Bluff. Mlendo sangaganize kuti malo ofundawa ali pa ubale ndi Antarctica, dziko la kumwera kwenikweni lokutidwa ndi madzi oundana, kumene sikumera mtengo ngakhale umodzi.

Ubalewo ndi wakale. Kuyambira 1908 mpaka 1975, pa Bluff pankaphikidwa mafuta a anamgumi, ndipo ena mwa alenje ake ankafika kunyanja zozizirazo. Koma nkhani yoyenera kusimbira ana ndi ya Knowledge Bengu, yemwe anakulira ku Umlazi, kumwera kwa dokoli, n'kudzakhala kaputeni wa S.A. Agulhas II, sitima yophwanya madzi oundana.

Mu February 2022, a Bengu ananyamuka ndi sitimayi ku Cape Town kupita kunyanja ya Weddell. Pa 5 March, gulu la akatswiri omwe anawanyamula linapeza sitima ya Endurance ili pansi pa nyanja, mamita 3,008 kuya kwake.

Endurance inamira mu November 1915, itapanidwa ndi madzi oundana kwa miyezi khumi. Anthu ake 28, motsogozedwa ndi Ernest Shackleton, anakhala m'matenti pamwamba pa madzi oumawo miyezi yoposa isanu. Ankadya nyama zam'nyanja ndi mbalame zotchedwa penguin, mafuta a nyamazo n'kusandutsa nkhuni. Chakudya ankagawana mofanana, ndipo aliyense anali ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku kuti asataye mtima.

Madzi oundanawo atasweka, anapalasa mabwato atatu mpaka pachilumba cha Elephant. Kumeneko amuna asanu ndi mmodzi anatenga bwato limodzi n'kuyenda makilomita pafupifupi 1,300 kukapempha thandizo ku South Georgia. Otsalawo ankagona pansi pa mabwato awiri ogadabuza kufikira pa 30 August 1916, pamene anapulumutsidwa. Mwa anthu 28 aja, palibe amene anamwalira.

Mlimi amene anasungapo nkhokwe m'chaka cha chilala aizindikira nzeru imeneyi: kuwerengera chakudya, kugawana ntchito, ndi kusasiya wofooka m'mbuyo. Ndipo mwana wa ku Mangochi kapena Metangula amene amapalasa bwato la bambo ake adziwe kuti kaputeni amene anakafikitsa sitima pamene panagona Endurance anakulira m'mbali mwa madzi ofunda ngati iye.