Besi ya amalume ilibe mutu

Ndikakwera minibasi muno mu Kabwe ndili ndi besi yanga, kondakitala amayang'ana chikwama kaye asanayang'ane ine. Wina anandifunsapo ngati muli mfuti. Ndikatsegula zipi, funso limakhala lomwelo nthawi zonse: "Boi, mutu unathyoka?" Ndimayankha kuti sunathyoke, inabadwa tero. Ena amaseka, ena amaganiza kuti ndikubisa manyazi a umphawi. Sadziwa kuti kachinthu kakuda kameneka kanatsala pang'ono kutidanitsa ine ndi mlongo wanga.

Gitala wamba imakhala ndi mutu kumapeto kwa khosi, kumene kuli makiyi ochunira mawaya. Yanga khosi limangothera pomwepo ngati ndodo. Zochunira zili kumunsi, kuseri kwa bridge: timagudumu tinayi timene umapotokola ndi zala, ndipo timakoka waya molunjika. Thupi lake ndi kabokosi kakang'ono. Yonse siikwana mita imodzi, ndiye mu minibasi ndimaiimika pakati pa miyendo popanda kubaya mnzanga m'diso. Mulibenso thabwa ngakhale limodzi. Khosi ndi thupi anaziumbira pamodzi m'chikombole, ndi ulusi wa carbon wosakaniza ndi epoxy.

Amene anaiganiza ndi Ned Steinberger wa ku New York. Ntchito imene anaidziwa inali yopanga mipando, ndiye besi anaiona ngati mpando umene sukhalika bwino. Mutu wolemera umakokera khosi pansi, dzanja lamanzere n'kumagwira ntchito ziwiri, kunyamula ndi kuliza. Iye anangouchotsa. Besi yake ya L2 inatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anthu monga Sting, Geddy Lee wa Rush, Robbie Shakespeare wa ku Jamaica ndi Earl Falconer wa UB40 anaoneka nayo pasiteji.

Amalume anga anaiona koyamba pa tepi ya vidiyo ya UB40, ndipo kuyambira pamenepo mtima wawo sunakhalenso pansi. Anali fita ku mgodi, ankakhala ku Kasanda. Ali mnyamata anayambira pa babatoni, besi ija ya ng'oma ndi ndodo yaitali imene anyamata a kalindula amadzipangira okha. Atayamba ntchito, Loweruka lililonse ankaliza besi m'mabala, kalindula pang'ono, rege pang'ono. Mgodi utatsekedwa mu 1994 anapita ku Johannesburg kukafuna maganyu. Anabwerako patapita zaka zitatu ali ndi kachikwama ka zovala ndi besi iyi. Anaipeza mu shopu ya pinyolo, yotsika mtengo, chifukwa nthawi imeneyo fashoni ya magitala opanda mutu inali itatha ndipo oimba ankachita nawo manyazi.

A anti sanawakhululukire msanga. Amati amuna a anzawo anabwera ndi mafiriji ndi makina osokera, awo anabwera ndi ndodo. Besiyo anaipatsa dzina loti "mkazi mnzanga". Amalume atamwalira mu 2018, titachoka kumanda, a anti anaitulutsa pansi pa bedi n'kundipatsa. "Tenga mkazi mnzangayu, iwe ndiwe unkamutsatira."

Ndinali kale ndi besi ina yopanda mutu, ya Hohner, imene ndinagula kwa mnyamata wina wa kwaya ku Ndola. Maonekedwe ndi ofanana, chifukwa Hohner anapatsidwa chilolezo chotengera kapangidwe ka Steinberger, koma yawo ndi yamatabwa. Kukhala nazo ziwiri m'chipinda chimodzi n'kumene kunandiphunzitsa kusiyana kwake. Kabwe mumaidziwa: mu Okutobala kumatentha ndi kuuma mpaka milomo kung'ambika, mu Januwale zovala siziuma pachingwe. Thabwa limamva zonsezo. Likamwa chinyezi limafufuma, likauma limakhwinyata, khosi n'kupindika pang'ono, mawaya n'kukwera kapena kuyamba kukhudza ma fret. Ya Hohner ndinkaiwongola ndi Allen key nyengo ikasintha. Ya amalume ilibe n'komwe chitsulo chowongolera khosi, chifukwa sichifunika. Ndinaisiyapo m'chikwama mwezi wathunthu, potulutsa inali idakali pa tyuni.

Koma ili ndi vuto lake, ndipo ndinakumana nalo pa ukwati wina ku Highridge, akwati ali pakati povina. Waya wa G unaduka. Waya wa gitala wamba uli ndi kamphete mbali imodzi, mbali inayo umaukulunga pa kiyi. Besi iyi imafuna waya wa timphete tiwiri, kumutu ndi kumunsi, wautali wake weniweni. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chimene amalume ankawiritsira mawaya awo mumpoto wa a anti: ankachotsa thukuta ndi litsiro kuti alirenso bwino, popeza atsopano analibe kowapeza. Ndinakwera basi ya ku Lusaka, makilomita pafupifupi 140, ndinalowa m'mashopu onse a zoimbira amene ndinkawadziwa. Kulikonse ankandiyang'ana ngati ndafunsa nsapato ya phazi lachitatu. Kuitanitsa kunja kunali kotheka, koma mtengo wake pamodzi ndi wotumizira unali malipiro a maukwati awiri.

Pali kachitsulo kamene kamathetsa vutoli. Kamakhala kumapeto kwa khosi, waya wamba umalowa pabowo, kabawuti n'kuufinya, wotsalawo umadula. Ndinakaona pa intaneti, ndinasunga chithunzi mufoni, n'kupita nacho kwa mdala wina wa ku Chowa amene anapuma ntchito ku mawekishopu a njanji. Kuseri kwa nyumba yawo kuli vayisi, drilu ndi matupa amene ndi aakulu kuposa ine pa zaka. Anaitembenuza besiyo kangapo, anaigogoda ndi chala, anainunkhiza.

"Mwaiche, ichi n'chipulasitiki?"

"Ayi ba shikulu, ndi carbon. Zonga zimene amapangira ndege."

"Ndiye ine sindichibowola. Chinthu chimene sindidziwa kumata, sindichibowola."

Anasema kachidutswa ka aluminiyamu, mabowo anayi a mawaya ndi anayi a timabawuti. Koyamba sikanagwire. Timabawuti tinali tosongoka, tinadula ulusi wokulunga waya wa E, ndipo nditangochuna unasomphoka. Seti yatsopano inaonongeka tsiku lomwelo. Mdala sanapepese ndipo sanakwiye. Anapala nsonga za timabawuti ndi tupa mpaka zinaphwatalala, n'kundiuza kuti ndizimanga pang'onopang'ono. Kachiwiri kanagwira, ndipo mpaka lero kalipo. Kamakhala pamalo pake chifukwa cha kukoka kwa mawaya, ukawamasula kamachoka kosasiya chipsera.

Chifukwa cha kunyada ndinaika chithunzi pa Facebook. Patapita masiku awiri ndinalandira uthenga kwa bambo wina wa ku Ulaya amene amasonkhanitsa mabesi amenewa. Anali nawo oposa khumi, opachikidwa pakhoma. Anandifunsa nambala yake, anapempha zithunzi za mbali zonse. Iye ndiye anandifotokozera zimene amalume sankazidziwa: zoyambirira zinkapangidwa m'chigawo cha New York, kampani ya Gibson inagula Steinberger mu 1987, ndipo zatsopano zimene zimagulitsidwa lero ndi dzina la Spirit ndi zamatabwa. Za carbon zakale zija sizikuchuluka, zikungochepa. Kenako anatchula mtengo. Ndinawerenga katatu. Inali ndalama yokwanira fizi ya mlongo wanga ya chaka chonse ku yunivesite, pamodzi ndi malo ogona.

Nditatumiza zithunzi za kumbuyo, mtengo unatsika pafupifupi ndi theka. Besi imeneyi imabwera ndi kambale kozungulira kumbuyo komangirirapo lamba. Ka amalume kanathyoka kalekale, ndiye iwo anatenga drilu, anabowola thupi, n'kuikapo bawuti wamba. Pambali pa bowolo analemba ndi msomali nambala yawo ya pa mgodi. Bamboyo anandiuza mwaulemu kuti kwa osonkhanitsa, bowo limodzi ndi chilema chosachira, chifukwa iwo amafuna chinthu monga chinatulukira m'fakitale. Anatinso ndikamatumiza ndichotse kachitsulo ka mdala, alibe nako ntchito.

Sanali munthu woipa, ndipo mtengo wotsikawo unali udakali waukulu kwa ife. Koma usiku umenewo sindinagone. Zinthu ziwiri zimene iye anaziona ngati zoononga ndi zimene zinachititsa kuti besiyi ilirebe mu Kabwe kwa zaka zoposa 20. Popanda bawuti uja amalume sakanaimirira nayo pasiteji. Popanda kachitsulo kaja ine ndikanaibwezera pansi pa bedi. Ndipo nambala ija ndi chinthu chokhacho chimene amalume analemba ndi dzanja lawo chimene ndili nacho.

Ndinakumbukanso zimene tinaphunzira ku pulayimale, za chigaza chimene chinapezeka mumgodi wathu mu 1921, tauni ino ikutchedwa Broken Hill. Mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London. Ndinadziseka ndekha mumdima: mutu wa Kabwe uli ku London, ndipo ine ndikufuna kutumizanso thupi lopanda mutu ku Ulaya kuti likapachikidwe pakhoma. Ndikudziwa kuti nkhani ziwirizi sizifanana. Besi iyi si ya makolo athu, inachokera ku America, ndipo bamboyo akanandilipira. Komabe maganizo akuti siidzaliranso pa ukwati wa munthu aliyense anandiwawa.

M'mawa ndinauza amama zonse, pamodzi ndi mtengo. Anakhala chete nthawi yaitali, akusankha nyemba. Amalume anali mlongo wawo.

"Katundu ndi wako, mwana wanga. Koma fizi siidikira."

Sindinaigulitse. Ndinagulitsa ya Hohner ndi ampulifaya yanga yaikulu, ndinavomera ntchito iliyonse imene inabwera: maukwati, ma kitchen party, misonkhano ya usiku ya kutchalitchi, ngakhale bala ina ya ku Bwacha imene imalipira theka ndalama, theka malonjezo. Fizi inakwana, koma mochedwa, ndipo ya malo ogona siinakwane. Mlongo wanga anakhala temu yonse kwa achibale, akugona pabalaza, akudzuka 4 koloko kuti awerenge ana asanadzuke. Kwa miyezi iwiri sankayankha foni yanga. Atayankha anangoti, "Achimwene, munasankha gitala." Ndinalibe choyankha, chifukwa zinali zoona. Amene analipira chosankha changa anali iye, ndipo pamenepa sindidzikhululukira.

Anzanga oimba amandifunsa ngati kusintha gitala yodula n'kulakwa. Zimene ndaphunzira ndi izi. Ngati pali njira yoikonza popanda kubowola, yamba ndi imeneyo, monga anachitira mdala wa ku Chowa. Chilichonse chimene wachotsa, sunga m'kachitini, ngakhale kabawuti. Carbon si thabwa: guluu wa akalipentala sagwira, mng'alu umafuna epoxy, ndipo fumbi lake ukamapala limayabwa ndiponso si lopumira. Ife a mu Kabwe za fumbi loipa sitifunika kuuzidwa kawiri. Ma pickup ake a EMG amadya batire ya 9V, ndiye ukamaliza kuliza zula chingwe, apo ayi udzaipeza itatha pa tsiku la ntchito. Ndipo usanafunse mtengo wa chinthu chimene umachikonda, dzifunse kaye ngati ungathe kuumva n'kukana. Ine ndikanapanda kuika chithunzi chija, bwenzi ndilibe mlandu ndi munthu.

Masiku ano ndili ndi besi imodzi yokha, ndiye sindingadzitchenso wosonkhanitsa. Pa kalindula imalira mosiyana ndi zamatabwa, noti iliyonse imatuluka yoyera ndi yofanana ndi inzake, ndipo a ng'oma ena amati ilibe mafuta. Ndimatsitsa treble, ndimalizira pafupi ndi khosi, mafuta amabwera.

Mlongo wanga amaliza chaka chamawa. Sabata yatha ananditumizira uthenga kuti paphwando lake safuna DJ, akufuna bandi. Pansi pake analemba kuti: "Mubwere nayo fizi yanga ija, ndiione ikugwira ntchito."