Analowa Osafunsidwa Dzina

Pa ntchito yathu timaphunzitsidwa kuti wakuba amalowa chifukwa pasiwedi ndi yofooka, kapena chifukwa wina wanyengedwa ndi imelo yabodza. Zimenezo n'zoona. Koma lilipo vuto lina limene ambiri a ife sitiliopa mokwanira, ndipo ine ndinalidziwa mochedwa, pa makompyuta a eni ake. Nthawi zina wakuba safuna pasiwedi n'komwe. Pulogalamuyo imangomutsegulira yokha osamufunsa kuti ndiwe yani.

Ndimasamalira makompyuta a maofesi ang'onoang'ono: sitolo ya mankhwala, sukulu, ofesi yowerengera anthu ndalama. Sindingayende konseko tsiku lililonse, choncho ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yolowera pa kompyuta uli kutali. Kasitomala akaimba kuti pulinta yakana, sikirini yake ndimaionera pa desiki yanga. Pa kompyuta iliyonse pamakhala kapulogalamu komvera seva yanga, ndipo kamamvera chilichonse: kuika, kufufuta, kutsegula fayilo iliyonse. Wogwira sevayo wagwira makompyuta onsewo nthawi imodzi.

Amene akufuna kumvetsa mmene chitseko chotere chimatsegukira aone zimene zinachitika ndi ScreenConnect, pulogalamu ina yolowera pa kompyuta uli kutali. Pa 19 February 2024 kampani ya ConnectWise, eni ake pulogalamuyo, inalengeza vuto lomwe linapatsidwa nambala CVE-2024-1709, ndipo pa mlingo woyezera kuopsa linapeza 10, pomwe mlingowo umathera. Pulogalamuyi ili ndi tsamba lotchedwa SetupWizard.aspx, loyenera kutseguka kamodzi kokha, tsiku loiika, kuti mwini wake apange akaunti yoyamba ya admin. Pambuyo pake tsambalo limatsekedwa. Koma chotsekeracho chinkangoyang'ana ngati adilesi yalembedwa ndendende. Munthu akawonjezera kamzere kopendekera kumapeto kwa adilesiyo, tsamba linkatseguka ngati seva ndi yatsopano. Ankapanga akaunti yakeyake, mndandanda wa eni ake n'kufufutika. Ofufuza a Huntress anatcha vutoli SlashAndGrab. Pasiwedi yaitali sinathandize. Nambala yotsimikizira ya pa foni sinathandizenso, popeza wakubayo sankalowa pa akaunti ya munthu wina aliyense. Zinali ngati mlonda amene amafunsa chiphaso mwaukali pa geti, pamene kuseri mpanda wagwa.

Amene ankagwiritsa ntchito seva za ConnectWise anakonzeredwa. Amene anali ndi seva zawozawo anayenera kuika okha mtundu wa 23.9.8, ndipo pofika pa 22 February bungwe la CISA ku America linali litaika kale vutoli pa mndandanda wa amene akuba akuwagwiritsa ntchito. Magulu a ransomware, omanga mafayilo a anthu n'kufuna dipo, monga Black Basta sanachedwe. Si zachilendonso ayi. Mu 2006 pulogalamu ina yolowera kutali, RealVNC 4.1.1, inkalola wolowayo kusankha yekha kuti asafunsidwe pasiwedi. Pa 2 July 2021 gulu la REvil linadzera mu pulogalamu yotere ya Kaseya VSA n'kufikira mabizinesi pafupifupi 1,500, ndipo ku Sweden masitolo a Coop pafupifupi 800 anatseka chifukwa makina olipirira anaima.

Zonsezi ndinkazidziwa. Ndicho chimandiwawa. Pulogalamu yanga inali ina, koma nthenda yake inali yomweyo, ndipo chenjezo linafika pa imelo yanga nthawi ilipo. Ndinaliwerenga. Kunali kumapeto kwa mwezi, makasitomala ali mkati mokonza malipiro, ndipo ndinaopa kuti ndikazimitsa seva wina aimba foni ndilibe polowera. Laisensi nayo inali itatha, ndipo aliyense wolipira zinthu m'madola kuno akudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira. Ndinkangoti mawa, mawa. Koma chifukwa chenicheni sichinali chimenecho. Mumtima ndinkati pasiwedi yanga ndi yolimba, ndipo ndani angalimbane ndi kaseva ka munthu wamba ngati ine? Sindinaganize kuti akubawo sasankha. Amatumiza makina kuyendayenda pa intaneti yonse, kugogoda paliponse pamene tsamba lolowera likuonekera, ndipo langa ndinalisiya poyera kuti ndizilowa mosavuta ndili panjira.

M'mawa wina ndinapeza akaunti ya admin imene sindinaipange. Kaundula wa seva anasonyeza kuti usiku malamulo anatumizidwa ku ofesi yowerengera ndalama ija. Mafayilo awo anali atamangidwa, ndipo bakapu, imene ndinaisiya pa netiweki yomweyo, inamangidwa limodzi. Chinatipulumutsa ndi disiki yakale imene mlembi wawo ankasunga mu kabati, koma ntchito yonse yaposachedwa anailembanso kuchokera pa mapepala ndi malisiti. Antchito a makampani amene ofesiyo inkawawerengera analandira malipiro mochedwa, anthu amene sanandionepo ndipo sanamvepo dzina la pulogalamuyo.

Ndinaika apudeti tsiku lomwelo, ndipo kwa kanthawi ndinayesa kuti zatha. Ayi. Apudeti imatseka polowera koma siitulutsa amene walowa kale. Pa makompyuta ena ndinapeza pulogalamu inanso yolowera kutali, yoikidwa ndi akubawo, ikudikira. Panalibenso chokhulupirira. Seva ndinaimanganso kuyambira pansi, makompyuta okhudzidwa ndinawafufuta, ndipo pasiwedi iliyonse imene inasungidwapo m'makinawo inasinthidwa, kuphatikizapo za kubanki.

Chovuta kuposa zonse chinali kukakhala pamaso pa mayi oyang'anira ofesiyo. Zikanatheka kunena kuti ndi vairasi, iwo akanavomera, pakuti sadziwa za seva. Ndinati, "Mayi, akubawa sanalowere kwa inu. Alowera kwa ine. Chenjezo ndinalilandira, koma ndinachedwa." Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anafunsa, "Nanga enawo mwawauza?" Ndinali ndisanawauze. Ndinachoka pamenepo n'kupita khomo ndi khomo. Ena anandisunga. Kasitomala mmodzi anathetsa mgwirizano, ndipo sindimuimba mlandu. Anandipatsa mphamvu pa mabuku ake a odwala podalira kuti ndili maso.

Lero seva yanga siionekanso pa intaneti; munthu amayamba wadutsa pa VPN. Chenjezo la vuto lolambalala pasiwedi likafika, seva ndimaizimitsa nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa malipiro, ndipo makasitomala ndinawauziratu kuti tsiku lotero ndidzabwera ndekha ndi minibasi. Akaunti yatsopano ikapangidwa, uthenga umafika pa foni yanga. Bakapu imakhala pa disiki yozulidwa, m'manja mwa eni ake. Kapulogalamu kolowera ndinakachotsa pa makompyuta onse amene sindiwagwira kawirikawiri, ndipo anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira.