POGONA PA MLENDO: ULENDO WA KU MBEYA, DAR ES SALAAM NDI ZANZIBAR

Ife okhala m'boma la Karonga tili ndi mwayi umene anzathu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre alibe, pakuti dziko lachilendo lili pakhomo pathu penipeni. Kuchokera pa boma kukafika pa mlatho wa Songwe ndi makilomita ngati 45 okha, ndipo mzinda wa Mbeya uli pafupi ndi ife koposa Mzuzu. Chifukwa chake sitidabwa masiku ano pakumva kuti banja lakuti, kapena gulu la achinyamata a mpingo wakuti, agulitsa mpunga wao, asonkha ndalama, nakonza zokaona Tanzania pa tchuthi cha sukulu: Mbeya, Dar es Salaam, kenaka kuoloka nyanja yamchere kufikira ku Zanzibar.

Pokonza ulendo wotere anthu amawerengera bwino mtengo wa chiphaso, wa basi ndi wa sitima, koma za pogona amangoti, "Tikaona konko." Mau amenewa atha ndalama za ambiri ulendo usanafike pakati, ndipo makolo ena agoneka ana ao m'nyumba zimene kuno kwathu sakadalola mwana kuima ngakhale pakhonde pake. Masana mlendo amatha kukana ndi kufunafuna kwina. Koma dzuwa likalowa, katundu ali pamutu, ana akusinza, amangovomera chili chonse. Tsono pogona pasankhidwe tisananyamuke, ndiponso pasankhidwe mzinda ndi mzinda, popeza nyumba yotiyenera ku Mbeya singakhale chitsanzo cha ku Dar es Salaam. Mu mzinda uli wonse tidzifunse mafunso awiri: kodi tidzafika nthawi yanji, nanga kukacha tidzafuna kukhala pafupi ndi chiyani?

Usiku woyamba: Mbeya

Mukangooloka Songwe ndi kuponda pa Kasumulu, sunthani wotchi yanu, pakuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo pa yathu ndi ora limodzi. Ora limeneli ambiri amaliiwala, nazindikira kuti mdima wawapeza akadali m'njira. Mseu umakwera kudutsa m'minda ya nthochi ndi ya tiyi ya ku Tukuyu, kumene wolankhula Chinkhonde amamvana bwino lomwe ndi Anyakyusa. Pafupi pomwepo pali Rungwe, pamene amishoni a mpingo wa Moravian anakhazikika m'chaka cha 1891. Mpingo umenewu uli ndi mphamvu m'dera lonselo kufikira lero, ndipo kwa zaka zambiri wakhala ukusunga nyumba yogona alendo mu mzinda wa Mbeya.

Mbeya ali pamtunda wa mamita ngati 1,700, pamene ife a kunyanja tili pansi pa mamita 500. M'miyezi ya Juni ndi Julayi munthu wozolowera kutentha kwa Karonga amanjenjemera usiku wonse. Choncho kumeneko funsani za mabulangete ndi madzi otentha osamba, makamaka ngati muli ndi ana aang'ono kapena agogo. Koma choposa zonse, Mbeya pa ulendo uno ndi malo ongogonapo. Musataye ndalama pa chipinda chokongola chimene mudzalowamo usiku ndi kutulukamo tambala asanalire. Funani nyumba yaukhondo, ya chitseko cholimba, imene ili pafupi ndi pokwerera basi yanu. Ndipo ngati mudzakwera sitima, dziwani kuti siteshoni yake ili kunja kwa mzinda ndithu.

Mau awiri a Chiswahili asokoneza Amalawi ambiri. Loyamba ndi lakuti hoteli, limene kawirikawiri limatanthauza malo odyera ndi kumwa tiyi. Malo ogona amati gesti kapena nyumba ya wageni. Lachiwiri ndi kawerengedwe ka nthawi. Aswahili amayamba kuwerenga maora dzuwa likatuluka, kotero kuti saa kumi na mbili asubuhi ndi 6 koloko m'mawa. Amene amva mau akuti kumi na mbili naganiza za 12 koloko masana adzapeza basi itapita kale, nalipira usiku wina umene sanauwerengere. Safunsa anadya phula. Pemphani kuti akulembereni nthawiyo pa pepala.

Sitima imene ilinso chipinda chogona

Njanji ya TAZARA inamangidwa ndi chithandizo cha dziko la China kuyambira 1970 mpaka 1975, ndipo ndi yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia. Kwa banja, ubwino wa sitima ndi wakuti tikiti imodzi imalipira ulendo ndi pogona pomwe. Zipinda za kalasi yoyamba zili ndi mabedi anayi, za kalasi yachiwiri asanu ndi limodzi. Mwambo wake ndi wakuti amuna agone kwaokha, akazi kwaokha, pokhapokha banja litagula chipinda chonse. Koma sitima ya anthu siyenda tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina imachedwa maora ambiri. Funsani tsiku lake musanachoke kwanu, ndipo mwini nyumba amene akukudikirani ku Dar es Salaam adziwiretu kuti mukubwera pa sitima, kuti angapatse wina chipinda chanu.

Wosankha basi ayenda makilomita oposa 800, kudzera ku Makambako, Iringa, nkhalango ya nyama ya Mikumi ndi Morogoro. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo wonyamuka m'mawa amafika kutada.

Dar es Salaam: kutsika mtengo kumene kumanyenga

Kuyambira m'chaka cha 2021 mabasi ochokera kutali amathera pa siteshoni yaikulu ya Magufuli ku Mbezi, kutali ndithu ndi pakati pa mzinda ndi doko. Apa ndipo pamene mafunso athu awiri aja amakokana. Wofika usiku amafuna pogona pafupi ndi siteshoni. Wofuna kuona mzinda amafuna kukhala pafupi ndi nyanja. Ngati muli ndi ana, gonani usiku woyamba pafupi ndi pamene mwatsikira, m'nyumba imene munapangana nayo kale, ndipo kukacha musamukire pakati pa mzinda. Chipinda chotsika mtengo cha kutali chimabweza mtengo wake tsiku ndi tsiku: anthu asanu kulipira ulendo wopita ndi wobwera, ndi kutaya maora abwino a m'mawa pa mndandanda wa magalimoto. Monga mphunzitsi ndinena kuti samu imeneyi mwana wa Sitandade 6 angathe kuiwerengera, komabe akuluakulu amailephera chifukwa amangoyang'ana mtengo wa bedi.

Amalonda a kwathu amadziwa Kariakoo, kumene kuli msika waukulu ndi nyumba za alendo zosawerengeka. Dzina limeneli linachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga a nkhondo ya 1914 mpaka 1918, nkhondo yomweyo imene inasiya manda pa Karonga mu Sepitembala 1914. Kwa wokagula katundu Kariakoo ndi malo oyenera. Kwa banja lokapuma, phokoso lake ndi kupanikizana kwa anthu n'zotopetsa. Kufupi ndi doko kuli tchalitchi chakale cha Azania Front, chomangidwa ndi amishoni Achijeremani, ndipo m'dera lomwelo nyumba za Luther House, YMCA ndi YWCA zadziwika kwa nthawi yaitali polandira apaulendo a ndalama zochepa. Malo otere amadzaza msanga, ndipo zinthu zimasintha; imbani lamya masabata angapo ulendo usanafike. Mzindawu ndi wotentha ndi wachinyezi, tsono bulangete la ku Mbeya lilibenso ntchito. Funsani za neti ya udzudzu, imene iwo amati chandarua, za fani, ndiponso ngati madzi amatuluka m'mipope.

Ena adzati, "Tili ndi mbale wathu kumeneko." Nzabwino, koma kumbukirani kuti wokhala mu mzinda waukulu amalipira lendi ya chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndipo amagula ufa, makala ndi madzi omwe. Mlendo ndi mame. Kamchezereni mbaleyo mutanyamula thumba la mpunga wa Kilombero, mudye naye pamodzi, koma anthu asanu asamgonere pabalaza sabata yathunthu iye osawaitana ndi pakamwa pake.

Ku Bagamoyo sikufuna kusamutsa katundu. Ndi makilomita ngati 70 kumpoto kwa Dar es Salaam, ndipo munthu amapita m'mawa nabwerera madzulo. Kumeneko kuli mishoni ya Akatolika imene inayamba m'chaka cha 1868, kumene mtembo wa David Livingstone unagonekedwa mu Febuluwale 1874, Susi ndi Chuma ndi anzao ataunyamula kuchokera kwa Chitambo. Kusamuka kuli konse kumadya theka la tsiku, ndipo ndi nthawi ya kusamuka imene katundu amasowa. Pa ulendo wa mizinda yambiri, wanzeru amachepetsa makomo ogonamo.

Zanzibar: misewu yosalowa galimoto

Sitima yapamadzi yothamanga imatenga maora ngati awiri kuchokera ku Dar es Salaam. Ngakhale Zanzibar analumikizana ndi Tanganyika m'chaka cha 1964, mlendo amaonetsabe chiphaso chake pofika pa doko. Potuluka mudzakumana ndi anyamata okoma pakamwa amene eni dziko amawatcha papasi, ndiko kuti nkhupakupa. Iwo amatsogolera mlendo ku nyumba imene imawapatsa kangachepe, ndipo kangachepeko kamatuluka m'thumba la mlendo yemweyo. Wofika ali ndi dzina la nyumba yake m'manja savutika nao.

Mahotela a m'mbali mwa nyanja, monga a ku Nungwi kumpoto kwa chilumba, anamangidwira alendo a ku Ulaya ndipo kwa zaka zambiri ankalipiritsa m'madola. Ife mchenga ndi madzi tili nazo kwathu. Chimene mwana wa ku Karonga ayenera kuona chili mu Stone Town, mzinda wakale wa tinjira topapatiza mmene galimoto silowa. Popeza katundu mudzanyamula nokha, sankhani nyumba yosatalikira ndi doko. Pa Mkunazini panali msika wa akapolo umene unatsekedwa m'chaka cha 1873, m'masiku a Sultan Barghash. Pamalo pomwepo Bishopu Edward Steere wa mishoni ya UMCA, yomwe ija ya ku Likoma, anamanga tchalitchi chachikulu cha Christ Church. M'katimo muli mtanda wosema ku mtengo umene patsinde pake anakwirira mtima wa Livingstone. Ana athu amaphunzira za Mlozi, amene anamanga malinga ake kufupi ndi Karonga nazunza Ankhonde kufikira ananyongedwa mu Disembala 1895. Pa Mkunazini adzaona ndi maso ao msika umene anthu ambiri ogwidwa m'dziko la nyanja yathu anakagulitsidwako. Pabwalo lomwelo pali nyumba ya St Monica, imene yakhala ikulandira alendo kwa zaka zambiri. Wogona m'dera limeneli amatha kulowa m'tchalitchimo m'mamawa, magulu a alendo asanafike, nakhala chete pang'ono pamodzi ndi ana ake.

Anthu ambiri a pa chilumbachi ndi Asilamu. Anyamata ndi asungwana athu avale modzilemekeza. M'mwezi wa Ramadani malo ambiri odyera satsegula masana, choncho nyumba yophikira alendo ake imathandiza kwambiri.

Khalidwe la nyumba

Mtengo ndi mtunda tazinena, koma pali chachitatu chimene kholo silingachilumphe. Si gesti zonse zimene zinamangidwira apaulendo. Gulu lina la achinyamata a kuno linafika mu mzinda wina usiku, natsata munthu amene anawalonjeza malo otsika mtengo. Zipindazo zinali kuseri kwa malo omwera mowa, ndipo zinkabwerekedwa pa ora. Asungwana anachezera atakhala pa zikwama zao kufikira kunja kunacha. Zizindikiro za nyumba yotere sizibisika: khomo lake limadzera m'bala, ndipo palibe buku lolembamo maina a alendo. Nyumba yolongosoka imafunsa chiphaso, imalemba dzina, imapereka lisiti, ndipo sikana kuti muone chipinda musanalipire. Yesani loko, yang'anani chimbudzi, funsani ngati pali mlonda usiku.

Nyumba za mipingo si zaulere, ndiponso si zonse zili zatsopano. Zina chipata chake chimatsekedwa msanga. Koma mumadziwa mwini wake ndi kumene mungakadandaule. Kalata yochokera kwa abusa anu kapena kwa mlembi wa seshoni, yotchula maina a onse a pa ulendo, ikadali ndi ulemu wake. Konzaninso masiku kuti Sabata likupezeni muli mu mzinda, mukapembedze ndi Akhristu a kumeneko.

Masiku ano zithunzi za zipinda zimabwera pa WhatsApp ndi pa Facebook. Chithunzi sichionetsa fungo, phokoso kapena mtunda, ndipo wina amatha kutumiza chithunzi cha nyumba ya eni. Musatumize ndalama za masiku onse kwa munthu amene simunamuone. Ngati pafunika chikole, chikhale cha usiku umodzi. Achinyamata amene mumadziwa za intaneti, thandizani makolo anu kuona pa mapu pamene nyumbayo ili, ndi kuwerenga zimene ena ogonamo kale analemba.

Potsiriza, lembani mausiku onse pa pepala limodzi: umodzi ku Mbeya, umodzi m'sitima, atatu ku Dar es Salaam, awiri ku Zanzibar, ndiponso awiri a pobwerera, wina ku Dar es Salaam ndi wina ku Mbeya. Awiri otsirizawa ndiwo amaiwalika, ndipo amafika nthawi imene thumba lapepuka ndi zitenje ndi mphatso. Ndalama zake, pamodzi ndi za usiku wina umodzi wa mwadzidzidzi, zikulungidwe pazokha, ndipo azisunge amayi kufikira mutaolokanso mlatho wa Songwe.